Musakumbe Maenje Dzuwa Lili Paliwombo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga amayi, mutu uja ukuwavutabe? Ine kuno ndili bwino, amalume ndi akazi awo chimodzimodzi, kungoti kutentha kwafika poipa. Ikamakwana 10 koloko, simenti ya pakhonde sipondeka wopanda nsapato.

Kusukulu zikuyenda. Masamu ndakhoza bwino, sayansi pang'ono. Anzanga enieni sindinawapezebe. Nthawi yopuma ndimakhala ndekha kuseri kwa thanki ya madzi, ndiye anyamata a m'kalasi anditcha Mlonda wa Thanki. Sizindiwawa. Kumeneko n'kumene kumazizira.

Achemwali anandiuza pafoni kuti mwagula malata anayi oti muwamangire amayi kashedi panja, makina awo osokera achoke mumdima muja. Ndinakondwa kwambiri. Koma Bambo, musanagwire khasu, mumve kaye zimene zachitika kuno.

Mwezi watha amalume anaitana kalipentala kuti amange shedi kuseri kwa nyumba, pamene akazi awo amasitira zovala za makasitomala. Kalipentalayo anayeza malo masana, dzuwa lili paliwombo. Anaimika mapolo, tsiku lotsatira nakhoma malata, masananso. Mthunzi unagwera pansi pake penipeni, tonse tinayamikira. Koma ntchito yosita imakula madzulo, zovala zikauma. Ikamati 3 koloko dzuwa limalowera cham'mbali ngati palibe denga, ndipo mthunzi wonse umadumpha kampanda n'kukagwera kwa aneba.

Aneba athuwo ndi bambo wosoka nsapato. Pasanathe masiku awiri anasamutsira benchi yawo pamthunzipo. Amalume akamafika kuchokera kuntchito, iwo amavula chipewa n'kuthokoza mokweza kuti neba wachifundo chotere sanamuonepo chibadwire. Tsiku lina anafunsa ngati chaka chamawa amalume angawaikirenso fani. Amalume anangolowa m'nyumba, akazi awo akusita apo thukuta lili kamukamu.

Loweruka ndinatenga choko n'kumalemba pansi pamene mthunzi wathera, ola lililonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Nditawaonetsa amalume mizereyo, anati mwana wa Fomu 3 sangaphunzitse kalipentala ntchito, ndipite ndikawerenge. Ndinapita. Koma ndili pawindo ndinawaona ataimabe pamenepo, manja m'thumba, akutsata mizere ija ndi phazi. M'mawa mwake anabwera ndi mphasa ziwiri, tinazipachika mbali ya kumadzulo. Tsopano akazi awo akusita ali pamthunzi. Chatsala n'chakuti dengalo ndi lalifupi, malata amaotcha pamutu, ndipo kulikweza sikungatheke chifukwa mapolo anawathira simenti.

Pakhomo pathupo ndimapadziwa bwino. Amayi amakhala pamakina akamaliza ntchito zam'mawa, n'kusoka mpaka dzuwa kupendeka. Pamene achemwali akuti mukufuna kumangapo, pafupi ndi chitseko cha khitchini, dzuwa la madzulo limamenya popanda chotchinga. Ndakhalapo kambirimbiri, khomalo limatentha ngati simbi. Mukayeza masana, amayi adzasokera padzuwa ndi mutu wawo uja. Ndipo mukuwadziwa, sadzadandaula poopa kukukhumudwitsani. Adzangobweza makina m'nyumba mwakachetechete n'kumati panja pachuluka fumbi.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lopanda mitambo, 3 koloko, amayi akhale pampando pamalo pamene akufuna kusokera. Inu ndi achimwene munyamule lata limodzi m'mwamba, muziyenda nalo pang'onopang'ono mpaka mthunzi uwaphimbe mutu ndi manja omwe. Pamene mapazi anu aimapo, pamenepo ndiye pakumbidwe maenje. Mapolo akhale aatali, oti mutakweza mkono musalikhudze dengalo. Odutsa mumsewu adzakusekani, zimenezo sindikubisirani, koma ndi mphindi khumi zokha.

Sindikukuphunzitsani kumanga, Bambo. Nyumba yathu munamanga ndinu, ndipo sinadonthepo. Ine ndangoona zimene mthunzi umachita chifukwa ndimakhala nawo nthawi yaitali kuposa anthu ena. Achimwene akayamba kuseka kuti nzeru zachokera kwa mwana, muwauze kuti mwaziganiza nokha. Ine sindidzaulula.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti yunifolomu ija anandisokera ikundikwanabe. Moni kwa achimwene, achemwali ndi alamu, azakhali, ndiponso mng'ono wanga, asaiwale kuthirira mpesa uja wa kumpanda. Amalume ndi akazi awo akupereka moni wambiri. Amalume anenetsa kuti za shedi yawo ndisakulembereni, ndiye mukadzakumana, inu simukudziwa kanthu.

Ndine mwana wanu,
uja mumati Kachete