Kandulo ya Dona Wachiyuda

Bulawayo,
14 Ogasiti 1955

Okondedwa achimwene a Gabrieli,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo wa abambo uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mutu ndiye wazungulira, n'chifukwa chake ndakulemberani.

Ntchito ndikadali nayo yomwe ija yophika, koma sindinakuuzeni kuti mabwana angawa ndi Ayuda. Inde, Ayuda omwe aja tinkawamva pa katekisimu ku Mua. Ine ndinkayesa anatha kalekale pamodzi ndi Afarisi, osadziwa kuti ena ali kuno akugulitsa nsalu. Mapoto a nyama ndi a mkaka sakhudzana, ndipo Loweruka sayatsa moto, ndimawayatsira ndine. Ndi anthu abwino, makamaka dona wamkulu, amayi ake a bwana.

Musakwiye achimwene, masiku ano ndimapemphera ku mpingo wina wa ku lokeshoni, wa anthu olalikira m'misewu. Mlaliki wathu, a Frank a ku Ntcheu, atamva kumene ndimagwira ntchito anachita kudumpha. Anati Yesu anabadwa Myuda, choncho uthenga uyenera kuyambira kwa abale ake, ndipo ndikakhala chete magazi a banja lonselo adzakhala pamutu panga. Anandipatsa kapepala kokhala ndi mtanda pamwamba. Ndinakasunga m'thumba milungu itatu. Ndikalankhula ntchito itha, ndikapanda kulankhula ndikapsa ndine.

Lachiwiri lapitali m'mawa ndinapeza kandulo ikuyaka m'tambula pa shelefu, dzuwa litatuluka kale. Kwathu ku Mua kandulo imayaka patsogolo pa chithunzi kapena mtanda, koma apa panalibe kanthu, khoma lokhalokha. Mumtima ndinati dona wamkulu uja akufunafuna Mulungu koma akusowa poyang'ana. Ndinatulutsa kapepala kaja n'kukaimika kuseri kwa kanduloyo, ndikudziyamikira ndithu kuti lero ndagwira ntchito ya Ambuye.

Dona atakaona anangokhala pansi pa kampando kanga kosenderapo mbatata. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anandiuza kuti kanduloyo amayatsa kamodzi pachaka, pa tsiku lokumbukira mng'ono wawo amene anaphedwa pamodzi ndi ana ake pa nkhondo ija ya ku Ulaya, chifukwa chongokhala Ayuda. Anati amene analozera asilikali nyumba ya mng'ono wawoyo anali anthu oyandikana nawo, opita kutchalitchi Lamulungu lililonse. Kenaka anandibwezera kapepalako ndi manja awiri, nati ndikasunge bwino popeza ndi kanga. Manyazi amene ndinachita sindinawaonepo chibadwire.

Ndiye anandifunsa ngati amayi anga ali moyo. Nditati anamwalira, anafunsa ngati anali Akhristu. Inu mukudziwa kuti amayi anakana ubatizo mpaka kumapeto, ngakhale ansembe anabwera kawiri pa njinga kudzawanyengerera. Nditawauza kuti kapepala kaja anandipatsa ndi a Frank, dona anafuna kudziwa kumene a Frankwo amati amayiwo ali tsopano. Anafunsanso tsiku limene anamwalira, nalonso sindinalidziwe.

Nditawafotokozera a Frank, anati chisoni cha donayo ndi chizindikiro chakuti mawu alasa mtima, ndibwerezenso sabata ino. Mwina akunena zoona, iwo Baibulo amalidziwa, ine ndinangolekeza sitandade 2. Koma nditafunsa za amayi, anangoti tisamafufuze zobisika za Mulungu. Nanga za dona akuzidziwa bwanji bwinobwino chonchi? Ndikagwada kuti ndipemphere sindidziwanso chopempha. Lamulungu likubwerali a Frank adzandifunsa pamaso pa anthu ngati ndabwereza, ndipo yankho ndilibe.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Mundilembere tsiku ndi mwezi umene amayi anatisiya, pakuti uthenga unandipeza kuno patapita miyezi iwiri. Ngati simukukumbuka, kafunseni azakhali ku Golomoti, iwo saiwala kanthu. Kandulo ndagula kale. Kaya ndi tchimo kaya si tchimo sindikudziwa, koma a Frank sindiwauza.

Mundiperekere moni kwa abambo, alamu a Gladys, achemwali a Dorothy ndi ana onse ku Mtakataka.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Cosmas