Kamzere pamutu pa x

Wokondedwa mlongo wanga Tiyanjane,

Muli bwanji ku Kitwe kumeneko, iwe ndi alamu? Kuno ku Sinda tili bwino. Amayi mwendo uja unasiya kuwawa, ayambanso kupita kudimba.

Sabata yatha ndinapita ku Katete kukatayipitsa mayeso a masamu a ana anga akusukulu. Ukumudziwa x uja wokhala ndi kamzere pamutu, woimira avareji. Mayi wotayipa anayesa kuti cholembera changa chinkangoterereka, ndiye anasiya timizere tonse. Ati, "Aphunzitsi, ndakukonzerani, tsopano zaoneka zaukhondo." Ine ndinazindikira ndili kale m'minibasi, mayeso ali mawa lake! Popanda kamzereko funso silimveka, ana akanalephera osalakwa.

Nditafika tinakhala pakhonde ndi mlamu wako Nabanda, rula m'manja, kumuveka x aliyense chipewa chake. Amayi ankangotiseka, ati, "Sukulu yonse ija, mathero ake n'kusoka zipewa?"

Chonde undifunsire kuntchito kwanu mmene amaikira kamzereko pa kompyuta, unditumizire pafoni. Usachedwe, chifukwa Nabanda wanenetsa kuti anakwatiwa ndi ine, osati ndi x.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Yohane