Lumo ndinapereka ndine

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Mtakataka tilipo, koma ine mtima suli m'malo. Ndiyambe ndi zabwino.

Mpongozi wanu Agnesi, mkazi wa mwana wanu wotsiriza uja, anachira mwezi wathawu ku Mua, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija. Mpunga wa kudambo tinakolola ndithu ngakhale mbalame zinatisautsa, koma chimanga cha m'mbali mwa mtsinje chinapita ndi madzi. Mbuzi yanu yamawanga sinasiye kuba, dzana inadya sopo wa eni ake.

Tsono nkhani ndi ya mtsikana wanga Tadala, chisamba changa, uja munkamubereka popita kudimba. Analemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, malo a kukoleji sanapezebe. Mutangotisiya anayamba kuimba gitala wamagetsi m'kwaya, ife n'kumanyadira. Kenako anapezana ndi anzake ku Golomoti, n'kuyamba nyimbo zina zimene akuti ndi roko. Amayi inu, phokoso lake! Gitala amalira ngati chigayo chatsamwa, iye akukuwa, akupukusa mutu. Tsitsi analisiya kuti likule, n'kulipota, tsiku lililonse kulidzoza mafuta. Akamaimba limachita kuuluka, ndipo ndisaname, nkhope yake imawala.

Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandiopsa ndi buku. Ali ndi buku lachingerezi lothothoka chikuto, waliwerenga mpaka masamba kuda. Nditamufunsa za m'menemo, anandifotokozera mokondwa kuti ndi nkhani ya mtsikana amene anaona kuti akuluakulu onse ndi abodza, ndiye tsiku lina anangokwera basi osatsanzika. Ndinati, nanga anabwerera kwawo? Iye anaseka, akuti bukulo limatha mtsikanayo adakali pamsewu. Ndinakumbuka mwana wanu Yohane, mmene anapitira ku Joni osatsanzika, mpaka inu tinakuikani iye kulibe, ngakhale foni yokha. Inu munkati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ndinkakuonani mukuyang'ana kumsewu basi iliyonse ikaima.

Mantha anandituma kwa ang'ono anu, mayi aang'ono a Nabanda. Iwo anati kuwongola mtengo m'poyamba, n'kuitana alangizi awiri. Anamukhazika Tadala pamphasa kuseri kwa nyumba. Ine, monga mwa mwambo, mayi wa mwana sakhala nawo pachilangizo, ndinali kukhitchini ndikupeta mpunga. Patapita nthawi a Nabanda anabwera kudzandipempha lumo. Sanandiuze ntchito yake, ine sindinafunse, koma ndinkadziwa. Ndinalowa m'nyumba, ndinalitenga pawindo, ndinawapatsa ndi manja awiri.

Pomumeta, Tadala sanalire, amayi. Bola akanalira, bola akanatukwana. Anadzuka mutu uli mbee, anasesa tsitsi lake yekha, analikulunga m'pepala, n'kugwada kuthokoza alangizi.

Lero ndi sabata yachitatu. Amadzuka m'mamawa, amasesa, amatunga madzi, akamandipatsa kanthu amagwada. A Nabanda akuyenda mudzi wonse kudzitama kuti anamukonza mwana. Koma gitala ali pakona, akalulu... ayi, ndalakwitsa, akangaude ayamba kumangapo, mwaona mmene mutu wanga wasokonekera. Kukwaya sapita, ku Golomoti sapita, ndipo m'maso sandiyang'ana. Phokoso lija ndinkadana nalo, lero ndikulifuna ngati madzi. Ndikuopa mwana wanga ndemwe, amayi, ndikuopa ulemu wakewo.

Dzulo posuntha mphasa yake ndinapeza chikwama. Munali madiresi awiri, satifiketi, chiphaso, buku lija, ndi kapepala ka tsitsi. Ndinabweza zonse mmene zinalili. Chiyambire pamenepo, minibasi ikaliza hutala kusiteji, ndimathamangira pakhomo kukasuzumira. Bambo ake ndawabisira, chifukwa iwo angotseka chitseko ndi loko, ndipo mwana wotsekeredwa amatulukira pawindo.

Tadala akuganiza kuti a Nabanda anabwera nalo okha lumolo. Ndaganiza zomuuza zoona. Ndimugwadira, ine mayi wake, kaya anthu aseka aseke. Akafunabe kupita, ndikukulonjezani kuti sindimuletsa. Ndimuperekeza mpaka kusiteji, gitala ndisenza ndine, kuti achoke motsanzika, adziwe kuti khomo lino ndi lotsegula.

Koma amayi, wapita kumjigo dzuwa lisanakwere, ndipo tsopano lafika pamutu. Anzake amene anapita nawo abwera kale, ndawaona akudutsa ndi ndowa zawo. Chipinda chake chili apa, mapazi asanu okha, koma ndikulephera kudzuka kuti ndikaone ngati chikwama chija chilipo. Ngati kumeneko mumatha kuona misewu, ndiyang'anireni.

Ndimakukondani, ndipo zimene ndalonjezazi ndichita, akangolowa pakhomo pano.

Ine mwana wanu,
Esinati