Bulugamu Watizinga

Okondedwa achemwali anga a Jucélia,

Ndikhulupirira muli bwino uko mumzinda wa São Paulo. Kuno kumudzi ku Bahia tilipo.

Bulugamu wa kampani uja, amene mbewu yake anaisintha asayansi, watizinga mbali zonse. Njira yakumanda kwa amayi nayonso aitseka.

Sabata yatha kunabwera mtsikana wina nakumba dothi m'mizu ya mitengoyo. Akuti akufufuza ngati tizilombo tosaoneka todyetsa nthaka tidakali moyo. Alamu anu a Genivaldo anafunsa kuti, "Ndiye nyemba zathu zikufotazi, mayi, tiziti chiyani?" Iye anangoti zotsatira zimapita kukampani.

Chichokereni mtsikanayo, bambowa sagwiranso khasu, koma zosamuka safuna kumva. Ine kuwasiya sindingathe.

Kodi kachipinda kanu kaja kadakali kopanda munthu? Ndangofunsa chabe.

Ndine mng'ono wanu,
Edvânia