Batire la Mlamu Wanga

Lachitatu, Okutobala 1994. Kwatentha kuyambira m'mawa, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Basi ya ku Lusaka inakananso kulira pa Boma. Batire lake linatha kalekale, koma mwini basi sagula lina. Monga mwa nthawi zonse, dalaivala anatuma kondakitala kwa mlamu wanga Njobvu kukabwereka batire la galimoto limene amalizira wailesi yake. Injini italira, analichotsa n'kumubwezera. Malipiro ake ndi akuti madengu a nsomba a Njobvu amakwera poyamba.

Anga atsalanso. Kondakitala anati, "Pamwamba padzaza, mdala, muyese Lachisanu." Nsomba zanga zouma za pende zayamba kale kufumbwa.

Njobvu anabwera kudzandipepesa, batire lili paphewa ngati mwana. "Mlamu, mukanandiuza ndikanakulankhulirani." Chonsecho ndinamuuza dzulo lomweli.

Pakudya mkazi wanga, amake Rute, anati, "Alongo anga aja ali ndi mutu." Mutu wanji? Munthuyo anagula batire kuti azimvera mpira chabe.

Tsiku lonse ndalakalaka kuti batire lakelo life nalonso. Koma likafa, basi sinyamuka n'komwe, ndiye Lachisanu nsomba zanga...