Amayi Sananene za Mchere

Bambo a Shamim,

Mukapeza pakhomo potseka musadabwe, ndathamangira kuchipatala ku Liwonde ndi amayi anu. Pepani, foni yanu siimapezeka ku Nsanamako.

Uku si kuiwala kwawo kwa masiku onse kuja iyayi. Kuja kunabwera pang'onopang'ono, uku kwangoyamba dzulo. Pa futari, pomasula kusala madzulo, anangokhala duu, ndiwo zanga osazinena ngakhale za mchere, munthu woti dzina langa anaiwala koma mchere wokha saiwala. Lero m'mawa ndawapeza akuchita ngati akuthyola thonje pa bulangete kwinaku akusinza, thupi lili moto, mkodzo wofiira ngati tiyi. Madzi akukana, ati akusala. Paja shehe ananena kuti iwowa asamasale, inu n'kumati tiwasiye zikuwasangalatsa, ndi dzuwa limeneli.

A nesi anatichenjeza kale kuti munthu woiwala akasintha mwadzidzidzi chonchi tisadikire, pamakhala matenda ena mkati, ndipo amachizika.

Achemwali anu akabwera ndi nkhani ya majini, auzeni akandipeze ku wodi. Inuyo mutenge magalasi a amayi, tasibihi (mikanda yawo yopempherera ija) ndi chitenje chobiriwira chija, kuti aziona zinthu zozidziwa. Musatume munthu, mubwere eni ake, nkhope yanu ndi imene imawakhazika mtima pansi. Mbuzi ndazimangirira kuseri.

Musade nkhawa. Mukangowamva akuti ndachulutsa mchere, mudziwe kuti achira.

Ine Asiyatu