Achimwene agonja pa gemu

Loweruka madzulo. Lero ndapambana!

Achimwene anga a Yohane akhala akunyoza gemu yatsopano ya pakompyuta yofotokoza ubwana wa chigawenga cha m'gemu ina yomwe tinasewera kale. Amati, "Tikudziwa kale kuti adzakhala woipa. Kusankha zomuchitira n'kwa chiyani?"

Masana thiraki yawo itachedwa pa boda, anabwera kunyumba ndipo ndinawapatsa laputopu. Anasewera mpaka pamene mwanayo wagwidwa akuba chifukwa cha njala, ndipo wosewera ayenera kusankha kumukhululukira kapena kumuthamangitsa. Anayang'anitsitsa laputopuyo mpaka tiyi wawo kuzizira.

"Chisomo, ndikamukhululukira asintha?"

"Ayi, achimwene."

Anamukhululukirabe, maso ali psuu.

Anyamuka ulendo wa ku Tete osavomera kuti ndimanena zoona kuti gemuyi ndi yogwira mtima, koma ati ndisapitirize kuisewera mpaka atabwera. Kaya ndipirira...